Tsiku Limene Ndinakana Kukweza Dzanja

Ana anga, Lonjezo ndi Tadala, kangapo konse mwandifunsa chimene chinatichotsa ku Mkhumba pakati pa teremu, anzanu osatsanzikana nawo bwino. Ndinkakuyankhani kuti ntchito ya boma ndi yotero, lero uli pano mawa akuponya kwina. Sindinakunamizeni, koma sindinakuuzeni zonse. Tsopano ndapuma pa ntchito, maso akadali kuona, ndiye ndati ndilembe. Maina a anthu ena ndasintha, ndipo mukawerenga mumvetsa chifukwa chake.

Ku Chilwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba, kalata yanga yoyamba inanditumiza ku kachipatala ka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Nthawi imeneyo Phalombe inali isanakhale boma payokha, zonse tinkayendera ku Mulanje. Ine mwana wa ku Ntcheu, dera lino ndinkangolimva. Ndinafika pa lole ya ogula matemba, sutikesi yanga ili pakati pa madengu, moti mwezi wonse woyamba yunifolomu yanga inkanunkha nsomba. Odwala ankandilankhula Chichewa chokwera ndi kutsika ngati nyimbo, ndipo ululu ukawakulira ankachisiya n'kuyamba Chilomwe, ine n'kumangowayang'ana kukamwa.

Bwana wanga woyamba anali Mayi Nyirenda, mzamba wamkulu wochokera ku Rumphi, wamfupi, wosaseka wamba. Zipangizo zinali zosowa. Magolovesi tinkachapa, kuwawiritsa, kuwayanika pachingwe kuseri, mawa n'kuvalanso. Thonje likatha tinkang'amba mashiti akale. Dzinja likafika kolera ankabuka m'misasa ya asodzi, odwala ankabwera pabwato kenako panjinga, madiripi n'kutithera sabata yomweyo. Tinkasungunula mchere ndi shuga m'ndowa n'kumawamwetsa ndi kapu mmodzimmodzi. Mayi Nyirenda sankadandaula. Ankangoti, "Chimene chilipo ndicho mankhwala."

Koma phunziro lalikulu limene anandipatsa silinali la zipangizo. Tsiku lina ndikugula mpunga pamsika, mayi wina anandifunsa za mtsikana wa m'mudzi mwawo amene anabwera kuchipatala dzulo lake. Ine mwachibwana ndinaseka n'kunena kuti, "Aa, amenewo si malungo ayi, mudzaona nokha miyezi ikubwerayi." Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itazungulira mudzi wonse. Mtsikanayo anathawira kwa abale ake ku Mozambique ndipo kusikelo sanabwerenso. Mayi Nyirenda anandiitanira m'chipinda chochilira n'kutseka chitseko. "Mwana wanga," anatero, "munthu akamasula chitenje pamaso pako sikuti wakukonda, wasowa kolowera. Chimene waona muno chizithera pachitseko ichi. Akufunse abusa, akufunse mwamuna wako, pakamwa potseka. Ukadzabwerezanso, kalata yokuchotsa ntchito ndidzalemba ndine." Mpaka lero sindidziwa kuti mtsikana uja anachira bwanji, ndipo chisoni chake sichinandichoke.

Ku Chilwa komweko n'kumene ndinawadziwira a Mulewa, msodzi wachibwibwi. Anafika masana ena akukankha njinga, matope kulekeza m'mawondo, akazi awo a Dorika atakhala pakaliyala osatha n'kudzutsa mutu komwe. Mayiyo anali atavutika masiku awiri kumsasa. Mwana tinamutulutsa atafa kale, ndipo mayi anatsala ndi vuto lotaya mkodzo osalekeza. Masiku amenewo mwamuna wa mayi wotere ankangonyamula khasu lake n'kubwerera kwawo. Paja kuno mwamuna ndiye amakhala kwa mkazi, choncho kuchoka sikuvuta. Abale awo a Mulewa anabwera kudzawatenga, ndipo ndinawamva akuyankha pakhonde, mawu akugwiragwira: "Mwa... mwana anali wa tonse. Vutoli n'la tonse." M'mawa uliwonse ankachapa nsalu za akazi awo pachitsime cha chipatala, amayi akuwaseka, iwo osadzutsa mutu. Nyanja itayamba kuphwa anasiya usodzi n'kubwerera kumudzi kwa a Dorika, ine n'kuganiza kuti sindidzawaonanso.

Ku Mkhumba, zaka za m'ma 1990

Bambo anu ndinakumana nawo ku Chilwa, akuphunzitsa pasukulu ya pafupi, ndipo iwe Lonjezo unabadwira komweko. Kenako anatisamutsira ku Mkhumba, kumene unabadwira iwe Tadala. Bwana wanga kumeneko anali adokotala athu a pachipatalapo, munthu wabwino mtima koma wokonda misonkhano ya ku boma. Akakwera mthuthuthu wawo Lolemba, chipatala chonse chinkatsala pamutu panga: sikelo ya amayi, sikelo ya ana, mabala, malungo, ndi amayi ochira amene sasankha tsiku. Ambulasi ukaitana lero inkafika mawa. Zaka zimenezo n'zimenenso matenda aja a Edzi anatilowerera, mankhwala ake kulibe, mabedi osakwana, anyamata ndi atsikana amene ndinkawadziwa maina akutha ndikuona.

Kutchalitchi ndinkaimba ndi amayi anzanga ndi kuyendera odwala. Mpingo wathu utalola kuti amayi nawonso azikhala akulu a mpingo, ndinali mmodzi wa oyamba. Ndinene zoona, sanandisankhe chifukwa cha uzimu wanga. Anandisankha chifukwa ndinali anesi, wodziwa kulemba, wovala nsapato. Umu ndimo tinkasankhira: amene amapemphera mokweza ndi motalika, amene ali ndi jekete, amene anathandiza malata a tchalitchi. Ine sindinkaona cholakwika, paja ndinali wopindula nawo.

A Mulewa ndinawapezanso ku Mkhumba, akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, chifukwa mudzi wa akazi awo unali komweko. A Dorika anali atachira, atachitidwa opaleshoni ku Blantyre patapita zaka zambiri akuvutika. Mwana sanakhalenso naye, koma ankalera ana atatu amasiye a mng'ono wawo. Loweruka a Mulewa ankasesa m'tchalitchi. Kulalika sankatha, kuwerenga ankatsatira ndi chala. Koma ndinaona kuti anthu akayambana za malire a munda, kapena mkamwini akasemphana ndi apongozi ake, ankathera pansi pa mango paja. A Mulewa ankamvetsera uku akumata chubu, n'kunena mawu awiri atatu, anthu n'kubalalika atapatsana manja. Maliro a matenda aja, amene ena ankaopa kusambitsa, iwo ankasambitsa.

Ndiye panali a Likaka, bambo wa msinkhu wabwino, wogula mpunga ku Chilwa n'kumakagulitsa ku Limbe, mtsogoleri wa kwaya. Akaima kutsogolo kulalika, mavesi ankangotuluka pamtima, amayi n'kumapukuta misozi. Inenso ndinalirapo. Ankakhala pamsika m'nyumba ya malata imene anamanga okha, kutali ndi abale a mkazi wawo. Mkaziyo anali Esinala, mtsikana wofatsa amene ndinamuchiritsa ana awiri. Ulendo wina a Likaka anamubweretsa kuchipatala dzanja litatupa. "Wagwa panjinga, anesi," anatero. Ndinamanga. Patapita miyezi anabwera yekha chikope chitang'ambika, akuti wagwanso panjinga. Ndinasoka osafunsa, koma pamkono pake panali mikwingwirima ya zala, ndipo njinga ilibe zala. Kachitatu anabwera khutu likutuluka magazi. Ndinatseka chitseko n'kumufunsa kuti, "Esinala, njinga imeneyi bwanji osangoigulitsa?" Anaseka pang'ono, kenako anagwira kumaso n'kuyamba kulira. Anandiuza zonse: kuti zimachitika malonda akavuta kapena ndiwo zikachedwa, ndi kuti akatha kumumenya amamugwaditsa kuti apemphere limodzi. "Koma anesi, ndagwira mwendo wanu, zithere muno," anatero. Ndinamuuza kuti aitane ankhoswe, anakana. Masiku ano kuli maofesi othandiza amayi ozunzidwa. Nthawi imeneyo kumudzi mawu anali amodzi, akuti banja n'kupirira. Khutu lija silinamvenso.

Chaka cha chisankho, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000

Mkulu wa mpingo wa chigawo cha kumsika atamwalira, panafunika wina. Dongosolo lathu linali lakuti akhristu a m'chigawo amapereka maina, bwalo la akulu a mpingo limawasanthula, ndipo amene bwalo lavomereza ndiye amaikidwa pampando. Maina anabwera awiri, la a Likaka ndi la a Mulewa. La a Mulewa analipereka amayi awiri amasiye, ndipo anthu analiseka. Aliyense ankadziwa kuti mpando ndi wa a Likaka.

Mkulu wa mpingo kwathu si wongoyendetsa mbale ya chopereka. Ndiye amalowa m'nyumba za anthu, amalangiza achinyamata ofuna ukwati, amakhala pakati banja likamagwedezeka. Ndinkaganiza za mayi amene adzapite kwa a Likaka ndi diso lotupa kukadandaula, mtima n'kumandiwawa. Lachitatu masana ndinapita kukamufuna Esinala, ndipo ndinamupeza yekha m'munda mwake akuthyola nandolo.

"Esinala, dzina la bambo lafika kubwalo. Undilole ndikanene."

"Ayi, anesi," anayankha osasiya kuthyola. "Mwina akakhala pampando achita manyazi, asiya. Mukakanena, anthu ati ine ndawavula amuna anga pagulu. Ndipo ndikafika kunyumba mukudziwa chimene chikandichitikire."

"Nanga amayi ena amene azidzapita kwa iwo ndi mavuto awo?"

Anaima n'kundiyang'ana. "Amayi enawo ali ndi makutu awiri. Ine latsala limodzi. Ndisiyeni nalo."

Ndinabwerera kunyumba. Bambo anu anaona kuti masiku awiri sindikudya bwino, ndipo anandifunsa kuti, "Mayi a Lonjezo, ndi za kuntchito kapena za kutchalitchi?" Ndinati, "Zonse ziwiri, ndipo zikukokana." Sanafunse zambiri, ankaidziwa ntchito yanga. Anangoti, "Ngati simungathe kunena, musanene. Koma dzanja ndi lanu. Palibe lumbiro limene limakukakamizani kulikweza."

Bwalo linakumana Loweruka m'mawa m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Tinalipo khumi ndi anayi, amayi tili awiri. Abusa athu anali achikulire, odekha, otsala pang'ono kupuma. Anawerenga Malembo onena za woyang'anira mpingo, kuti akhale wodziletsa, wosakonda ndewu, wosunga bwino nyumba yake. Tinavomera ameni monga mwa masiku onse. Kenako mlembi wa bwalo anati ovomereza a Likaka akweze manja. Manja anakwera onse. Langa lokha linatsala pamwendo.

"Anesi, simunamve?" anafunsa mlembi.

"Ndamva. Sindikuvomereza."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndili nacho, koma sindingachinene."

Panabuka phokoso. Mkulu wina, mlimi wa fodya amene ankakhala pafupi ndi chitseko, anaimirira. "Kuno sitikana munthu ndi mphekesera," anatero. "Ngati muli ndi mlandu utchuleni, ngati mulibe kwezani dzanja. Inu obwera mumationa ngati ife eni dera sitidziwa anthu athu." Wina anawonjezera kuti amayi ukawapatsa mpando mapeto ake ndi amenewa. Mayi mnzanga uja anangoyang'ana pansi. Chimene chinandipweteka n'chakuti mlimi wa fodyayo sankanama. Kukana munthu osapereka chifukwa si chilungamo, ndipo ndinkadziwa. Akanakhala wina akuchita zimenezo kwa bambo anu, ndikanakwiya koposa.

Abusa anakweza dzanja kuti tikhale chete. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, ngakhale kwa ine ndekha simunganene?"

"Ngakhale kwa inu, abusa."

Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Chabwino. Mawu opanda umboni sitiwalemba. Koma ndifunse ine. Ndani mwa ife analowapo m'nyumba mwa a Likaka? Sindikunena pakhonde, ndikunena m'nyumba. Ndani anakhalapo pansi n'kucheza ndi mayi a kunyumba kwawo?" Panalibe amene analowamo. "Nanga kwa a Mulewa?" Apa mayi mnzanga anadzutsa mutu n'kunena kuti iye analowamo kambiri, ndipo ana amasiye aja sungawasiyanitse ndi obereka okha. Wina anakumbukira mkangano wa munda umene unathera pansi pa mango. Pamapeto pake mlimi wa fodya uja, atakhala pansi, ananena motsitsa mawu kuti mwana wake wamwamuna atamwalira, abale onse ataima patali, amene anamusambitsa ndi kumuveka anali a Mulewa. Ananena akuyang'ana chipewa chake.

Abusa anati, "Tawerenga za nyumba, koma timafuna kusankha za paguwa. Munthu wa paguwa timamuona ola limodzi pa sabata. Masiku enawo amamudziwa ndi amene amadya naye mbale imodzi." Anapempha kuti dzina la a Likaka lisakanidwe koma lidikire chaka, akulu awiri aziwayendera kunyumba. Ena anang'ung'udza koma anavomera. Atatchula a Mulewa, manja anakwera asanu ndi anayi. Tsiku limene anawauza, a Mulewa anagwetsa sipanala. "Ine? Ndi... ndikalankhula chiyani?" Abusa anawayankha kuti, "Olankhula tili nawo ambiri, bambo."

Miyezi yotsatira

Za m'bwalo siziyenera kutuluka, koma zinatuluka tsiku lomwelo. Apa ndiye panachitika chimene sindinachiganizire. Anthu anati ngati anesi akana munthu osanena chifukwa, ndiye kuti munthuyo ali ndi matenda aja. Nkhani inafalikira pamsika ponse. Ena a kwaya anasiya kumwera kapu imodzi ndi a Likaka. Ndinkafuna kuteteza chinsinsi chimodzi, ndipo kukhala chete kwanga kunabala bodza.

A Likaka anabwera kuchipatala ndikuyeza ana, n'kudikira mpaka mzere utatha. "Anesi, ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa. Ndinati ine sanandilakwire, ndipo za matendazo si ine ndanena, n'zabodza, ndidzauza aliyense wondifunsa. "Ndiye wakuuzani chiyani mkazi wanga uja?" Ndinayankha kuti kubwalo sindinanene kanthu. Ndikanalekera pomwepo. Koma mkwiyo unandigwira ndipo ndinawonjezera kuti, "Bambo, Mulungu amene mumatilalikira uja amaonanso m'nyumba." Anatuluka osatsanzika. Mawu amenewo ndimawawerengera pa zolakwa zanga, chifukwa anawauza zonse zimene ndinkabisa. Sabata yomweyo Esinala anamenyedwanso, koposa kale.

Ulendo uno sanabwere kwa ine. Anathawira kwa a Dorika, ndipo kumeneko anaulula ndi pakamwa pake. Umenewu ndiwo unali mlandu woyamba wa a Mulewa monga mkulu wa mpingo. Sanayambe ndi pemphero lalitali. Anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala china, anaitana amalume ake ndi ankhoswe a mbali zonse, kenako anaitula nkhani kubwalo, Esinala ali pomwepo akunena yekha. Ine ndinakhala pamenepo osatsegula pakamwa. A Likaka anaimitsidwa kukwaya ndi ku Mgonero, ndipo Esinala anatenga ana kupita kwa amayi ake. Ena ankafuna kuti a Likaka angotayidwa. A Mulewa anakana. Lachisanu lililonse ankatseka ntchito masana n'kupita kukakhala pakhonde pa a Likaka. Ankatukwanidwa, ankanenedwa kuti mbuli yolanda mipando ya anthu, ulendo wina njinga yawo inaponyedwa mumsewu. Iwo ankaitola, kuwongola chiwongolero, Lachisanu linalo n'kubweranso. Anachita zimenezo kupitirira chaka.

Ine zanga zinabwera ndi kalata. Munthu wina analembera akuluakulu a ku boma, osasaina, kuti namwino wa ku Mkhumba amaulula zinsinsi za odwala kutchalitchi. Anandiitana. Bwana amene anandifunsa anali waulemu, ndipo anati ndifotokoze mmene zinayendera. Ndinaona kuti sindingathe kudziyeretsa popanda kuchita chinthu chomwecho chimene ankandinenera. Ndinangoti sindinaulule za wodwala aliyense, akafunse abusa. Anafunsadi, ndipo mlandu sanandipeze nawo. Komabe anati ndi bwino ndisamuke kuti mitima izizire. Ndiko kusamuka kuja, ana anga. Bambo anu anapalasa njinga ulendo wautali tsiku ndi tsiku mpaka teremu itatha, ndipo sanandinenepo ngakhale kamodzi kuti ndinawabweretsera mavuto. Amene analemba kalatayo sindinamufufuze.

Kunsi kwa Michesi, mpaka kupuma

Ndinafika kuno ndikuona ngati chilango. Magetsi kunalibe, msewu nthawi ya mvula unkaduka, amayi oyembekezera ankatsika m'tinjira ta m'phiri ena atasenza nkhuni zoti akagulitse akachoka kusikelo. Koma zaka zimene ndinagwira kuno ndizo zinali zokoma pa ntchito yanga yonse. Bwana wanga womaliza anali mtsikana wa msinkhu wa iwe Lonjezo, wodziwa ntchito, wosachita manyazi kufunsa. Tinalimbana limodzi mpaka tinapeza nyumba yodikirira amayi. Kuno n'kumene ndinaonera mankhwala otalikitsa moyo akufika, anthu amene tinawataya mtima akudzuka n'kubwerera kumunda. Amene sanaone zaka za m'mbuyomo sangamvetse chimene ndinkamva pogawa mabotolo amenewo.

Mpingo wa kuno unandilandira, ndipo nthawi yosankha akulu ikafika ankandifunsa maganizo. Ndinkawauza zimene ndinaphunzira mochedwa: musafulumire, pitani kunyumba kwake, funsani amene amalima naye malire, onani mmene amachitira akalakwiridwa. Ndinkawauzanso kuti ineyo ndinasankhidwa chifukwa cha nsapato, ndipo Mulungu anachita kundikonza ndili kale pampando, zimene si nzeru kuziyembekezera kwa aliyense.

Za ku Mkhumba ndinkazimva kwa odwala ndi pamaliro. A Mulewa anatumikira mpaka ukalamba, ndipo akuti ulaliki wawo sunkatalika kuposa nthawi yowiritsa tiyi. A Likaka anabwezeretsedwa mumpingo patapita zaka ziwiri. Esinala anabwerera kunyumba kwake atanena pamaso pa amalume ake ndi a Mulewa kuti dzanja likadzamukhudzanso, ulendo wake udzakhala wosabwerera. Patapita zaka zina dzina la a Likaka linaperekedwanso, ndipo analikana okha. Akuti anati, "Ine ndikudziwa kumene ndachokera. Ndisiyeni ndiziimba." Anamwalira ndi matenda a shuga, chaka chimodzi ndi bambo anu. Ine ndi a Likaka sitinakhalepo pansi kukambirana, ndipo zimenezo ndimazimvera chisoni.

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimathokoza. Ndimathokoza Mayi Nyirenda amene anandikalipira ndikadali wamng'ono, abusa aja amene sanandikakamize, ndi bambo anu amene ankadziwa polekezera mafunso. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandilemera, ndipo chinatulidwa chaka chathachi. Masana ena ndili pakhonde ndinaona kabaza ikuima pamsewu, mayi wa imvi akutsika ndi kathumba. Anali Esinala. Tinali tisanaonane maso ndi maso chichokereni ku Mkhumba. Anati anamva kuti ndinapuma, ndiye wabwera kudzandiona ndi mpunga pang'ono. Titacheza za ana ndi adzukulu, ndinalimba mtima.

"Esinala, pali mawu amene ndakhala nawo zaka zonsezi. Kumenyedwa komaliza kuja ndinakuputira ndine. Undikhululukire."

"Zinandiwawa, anesi, sindikubisirani. Ndinakukwiyirani miyezi ingapo. Koma mukanakanena kubwalo tsiku lija, ine ndikanaima pamaso pa abusa n'kukana zonse, inu n'kusanduka wabodza. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ndinafunika kutsekula ndekha. Chimene munachita inu n'chakuti nditatuluka, ndinapeza pampando pali munthu woti n'kuthawirako."

Ndinalira, iye n'kumandiseka kuti anesi akalamba. Kenako anandiuza kuti ku Mkhumba mpaka lero dzina likaperekedwa, bwalo limatumiza anthu kukayendera nyumba ya munthuyo, ndipo pa anthuwo pamayenera kukhala mayi. Kwa zaka zingapo tsopano mayi ameneyo ndi iyeyo.

"Abambo ena akamva kuti ndikubwera amasesa okha pabwalo," anatero akuseka.

"Ndiye ukafika umawafunsa chiyani?"

"Sindifunsa kanthu, anesi. Mafunso amafunsa anzangawo. Ine ndimangopempha madzi akumwa, n'kumaona mmene mayi wa m'nyumbamo akuyendera akamadutsa pafupi ndi mwamuna wake."